Kompyuta Ndinaiika Kuchipinda

Kompyuta yoyamba imene ndinamanga ndi manja anga ili pabalaza tsopano, pambali pa kabati ya mbale, ndipo fumbi la dera lathu la Mpopoma limalowamo mmene lifunira. Sindiiphimbanso. Koma chaka chimene ndinaimanga ndinkaidera nkhawa ngati khanda, chonsecho khanda lenileni linalipo, la miyezi isanu ndi iwiri.

Tinkakhala anthu anayi m'nyumba ya bambo anga: bambowo, ine, mwamuna wanga, ndi kamwana kathu kakakazi. Mayi anatisiya ndili kusekondale. Mwamuna wanga ndi Mndebele, ndipo anzake ankamuseka kuti anachita kukwatiwa, poti ndiye anasamukira kwa mkazi. Bambo ankangoti, "Kwathu ndi mmene timachitira, mkhwenyana, mkamwini wanga. Kukanakhala kumudzi bwenzi ukundilimira." Iye n'kuyankha mwaulemu kuti, "Yebo, baba," kenako n'kundinong'oneza kuti khasu sanaligwirepo chibadwire.

Bambo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kubwera kudziko lachilendo kuno, anagwira ntchito kunjanji mpaka kupuma, ndipo sanabwerereko. Anali mtchona, ndipo mawuwo ankawanena okha akuseka. Chimene anabwera nacho n'kukhalitsa chinali nyimbo imodzi. Anaipeka ndi mayi awo pamene mwana wawo ankanyamuka, kuti asadzasochere pobwerera. Imayamba ngati yogonekera mwana, kenako imatchula njira yonse kuchokera pamsewu waukulu kukafika pakhomo pawo, mtsinje uwu, phiri ilo, mkuyu wa pamphambano, chitsime, chilichonse ndi dzina lake, motsatana. Ndi nyimbo imeneyo anandilera ine, ndipo ndi yomweyo ankagonekera mdzukulu wawo, amene ankamutcha mkazi wawo wamng'ono. Ine ndinkadziwa poyambira pokha. Mayina enawo ankanditerereka, chifukwa Chichewa changa ndi cha pabalaza ndi kutchalitchi, kunja konseku ndinakulira Sindebele. Ndinkadziuza kuti bola mwini wake alipo.

Mwana atabadwa ndinayamba mantha. Ndine munthu wamantha kale, wobwerera pageti kukaona ngati ndazimitsa mbaula. Koma awa anali ena. Ndinkaona bambo akupumira pakati pa nyimbo, pamene kale sankapumirapo, ndiye n'kumaganiza kuti tsiku lina mwanayu adzandifunsa kwawo kwa agogo ake, ine n'kungoti kukamwa yasa.

Wina adzafunsa kuti nanga foni ndinalibe? Ndinali nayo. Ndinawajambulapo tsiku lina masana, nyimbo yonse, kuyambira pamsewu mpaka pachitsime. Nditamvetsera ndinamvamo hutala ya minibasi imene kuno timati kombi, mpopi wa kwa aneba, galu. Ndinafufuta. Ndinali ndi satifiketi ya zamakompyuta ya kukoleji, imene inangokhala mufulemu osandipezera ntchito, ndipo ndinkafuna iwoneke ntchito yake. Ndinati mawu a bambo anga sangasungidwe pamodzi ndi galu. Chala changa chomwechi ndicho chinadina.

Mwamuna wanga ankalakalaka kalekale kompyuta yosewerera magemu, wa mpira ndi wina wothamangitsa magalimoto. Tinagwirizana kuti makina akhale amodzi, ntchito ziwiri. Iye anasankha khadi loonetsa bwino zithunzi za magemu, ine maikolofoni ndi kabokosi kake kolumikizira. Zipangizo zinkabwera chimodzichimodzi kwa miyezi ingapo, zina zogwirapo kale ntchito za m'tauni, zina ndi amalayitsha, onyamula katundu wa anthu pagalimoto kuchokera ku Joni. Chikesi chake, chibokosi chomangiramo zonsezo, ndinakachitenga ndekha kudepoti ya mabasi ku Renkini, mwana kumsana. Mukombi ndinachikhazika pamiyendo, kondakitala n'kumati, "Sisi, firiji imeneyi ikhala pampando kapena ikwera pamwamba?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke, ndinkawerenga mabampu.

Tinamanga Loweruka m'mawa, kuchipinda kwathu, pabedi. Ndinati tinamanga, koma mwamuna wanga ntchito yake inali kugwira tochi ndi kutaya tizisikuluwu. Ndinavula nsapato, ndipo ndisanakhudze chilichonse ndinkayamba ndagwira zitsulo za pawindo, kuti magetsi a m'thupi asawotche kanthu, monga anatiphunzitsira kukoleji. Purosesa, ubongo wa kompyutayo, ndinaiika mosamala, poti timano take tikapindika kamodzi basi zatha. Ndinadontheza phala lake loziziritsira, kadontho ngati njere ya nandolo, n'kumanga fani pamwamba.

Bambo anabwera kudzaonerera. Anaima pakhomo, mdzukulu ali pamkono, zala za kumapazi zitalekezera pamzere pamene simenti ya mukhonde imathera.

"Lowani, Bambo, muone bwino," ndinatero osadzutsa mutu.

"Ndikuona bwino pompano, mama. Ndiye wayilesi imeneyi ndiyo idzandimeze mawu?"

"Sidzameza, idzasunga."

"Wamva, mkazi wanga?" anauza khandalo. "Amuna ako alowa m'bokosi. Udzakwatiwe ndi wina."

Titayatsa koyamba, fani inazungulira koma sikirini inangokhala bii. Ndinatuluka thukuta mpaka m'zikhato. Ndinazula mawaya onse n'kubwezeretsa, osatheka. Kenako ndinaona kuti kamemore kamodzi, kachipangizo kokumbukira zinthu, sikanakhazikike, ndinakakanikiza mpaka kanati khethe, ndipo zilembo zinatulukira. Mwamuna wanga anakuwa ngati wagoletsa. Bambo anawomba m'manja ali pakhomo pomwepo, n'kunena kuti, "Satifiketi ija yadzuka." Tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri, ndipo sindikufuna kulichotsera kanthu.

Kompyutayo ndinaikhazika patebulo la pakona, kumutu kwa bedi. Zifukwa ndinali nazo zambiri, zonse zomveka. Chipinda chathu chili kumbuyo, kutali ndi msewu. Pabalaza pamalowa fumbi, pamadutsa alendo, ndipo wodutsa panja amaona zam'kati. Mwana anali atayamba kukwawa ndi kukoka chilichonse cholendewera. Ndinakhoma mabulangete awiri kukhoma, ndinamata mathireyi a mazira kuseri kwa chitseko, ndipo ukalankhula mmenemo mawu ankamveka ofewa, oyandikira. Ndinaika mpando wabwino patsogolo pa maikolofoni, pakati pa tebulo ndi bedi. Mpando wa bambo.

"Bambo, zonse zakonzeka. Tijambule lero?"

"Lero pakhosi pakundikanda. Mawa."

Mawa lake magetsi anazima tsiku lonse. Mkuja anati akupita kukaona mnzawo wodwala ku Entumbane. Sabata yotsatira anati nyimbo siimbidwa munthu atangodya kumene. Tsiku lina ndinawagwira dzanja mwanthabwala n'kuwakoka, anafika pakhomo paja n'kuima nji, ngati ng'ombe yakana dibi.

"Kodi chingwe chakecho sichingafike kuno?" anafunsa.

"N'chachifupi. Komanso kunoko kuli phokoso, Bambo. Mungolowa mphindi zisanu."

Anayang'ana mpandowo, anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Chabwino, mama. Tiona." Ndinakwiya mumtima. Ndinkati akuopa makina, kapena ndi ukalamba chabe. Ndinadandaulira mwamuna wanga kuti munthu ndavutikira miyezi yonseyi, iwo akungondizungulitsa.

Iye anati, "Bwanji tiitulutse pabalaza?"

Ndinamuyang'ana. Ndinkadziwa kuti akufuna kulumikiza mpira wake ku TV yaikulu kuti anzake azibwera Lamlungu. Ndinamuuza zomwezo, mokweza. Iye anangoisiya nkhaniyo. Anandiuza pambuyo pake kuti ankaganiza kuti ndikudziwa, ndipo mkamwini sangaphunzitse mkazi mwambo wa bambo ake omubala ali m'nyumba yawo. Zoti ankafunanso TV sanakane.

Inadutsa miyezi itatu. Kompyuta inkagwira ntchito bwino. Magalimoto ankathamanga, zigoli zinkalowa, ine ndinkajambula mawu anga oyesera n'kumasintha timabatani kuti tsiku lenilenilo zidzamveke bwino koposa.

Sitiroko inawagwira bambo m'mawa wina akuthirira masamba kuseri. Anakhala kuchipatala masabata awiri, n'kubwera dzanja lamanja lili lende, pakamwa patapotoka. Ankamva zonse, maso ankayankha, koma mawu anali atapita.

Azakhali, msuweni wa bambo wa ku Entumbane, anabwera kudzathandiza. Tsiku lachiwiri analowa kuchipinda kwathu kudzatenga bulangete, ndipo ndinawaonetsa zonse ndikulira, maikolofoni, mpando, mathireyi a mazira. Ndinati bambo ndinawapempha miyezi itatu, anakana.

Azakhali anayang'ana mpando uja, n'kuyang'ana bedi, bondo ndi bondo.

"Iwe mwana, unkati akhale apa?"

"Eya."

"Bambo ako? Kuchipinda kwa mwana wamkazi wokwatiwa? Atsamire bedi limene umagona ndi mkamwini wawo?" Anagwira pakamwa. "Mayi ako akanakhalapo. Koma sukulu inayi!"

Sindinganame kuti mwambowo sindinaumvepo. Ndinkaudziwa ngati mmene umadziwira zinthu za anthu ena. Koma chipinda chimenecho chinali changa kuyambira ndili mwana. Bambo ankalowamo kudzandifunditsa, kudzapha udzudzu, kudzakhala m'mphepete mwa bedi ndikadwala. Ndiwo anapenta makoma ake. Sindinaone kuti kuyambira tsiku limene mwamuna wanga analowetsamo sutikesi yake, phazi lawo silinadutsenso pamzere uja. Zaka ziwiri, m'nyumba ya zipinda zinayi. Ndinkaona kafumbi pa fani, izi osaziona. Ndipo iwo sakanandiuza, chifukwa kunena chifukwa chake kukanakhala kutchula zimene bambo satchula kwa mwana wake.

Ndinazula mawaya nthawi yomweyo. Kuinyamula kompyuta kuchoka kuchipinda kufika pabalaza, kulumikiza zonse n'kuyatsa, sikunanditengere ngakhale nthawi yophikira tiyi.

Bambo tinawakhazika pasofa, maikolofoni patsogolo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaika mwana pamiyendo pawo, ndinati, "Bambo, mkazi wanu uyu akufuna kugona." Mbali imodzi ya nkhope inamwetulira. Anayesa. Milomo inkayenda, koma chotuluka chinali mpweya ndi malovu. Kenako anatseka pakamwa n'kuyamba kung'ung'udza. Anang'ung'udza nyimbo yonse osaphonya, ndipo pamene pankayenera kukhala dzina la mtsinje kapena phiri ankagwedeza mutu, ngati akupereka moni kwa munthu wodutsa. Kunja kombi inkaimba hutala, aneba ankatunga madzi. Sindinafufute.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe.

Patapita miyezi, mwamuna wanga anati malo akuchepa mukompyuta, ndichotseko zoyesera zanga zija. Ndinkazitsegula chimodzichimodzi ndisanafufute, poti tsopano sindifufuta kanthu ndisanamve. Zambiri ndi ine ndikuti wani, thuu, wani, thuu. Koma china, cha masana ena Loweruka, chili ndi zina kumbuyo. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Mwana akulira pabalaza, ndipo bambo akumuimbira, mawu athunthu, omveka. Akuchoka pamsewu waukulu. Akuwoloka mtsinje woyamba, dzina lake likumveka bwinobwino. Akukwera phiri. Akuyamba kutchula mtsinje wachiwiri.

Kenako pakumveka ine. Ndikutsonya. Mpando ukukhukhuluzika, mapazi atatu, chitseko n'kuti gu. Mabulangete anga ndi mathireyi anga a mazira anagwira ntchito yake bwino kwambiri. Pambuyo pake palibe china koma mawu anga, oyera, opanda phokoso lililonse: wani, thuu.

Ndinafunsa azakhali mayina otsalawo. Iwo anabadwira konkuno, nyimboyo amangoidziwa kamvekedwe. Ndinafunsa achikulire a kutchalitchi ochokera chakumeneko, anati mitsinje ing'onoing'ono ndi yambiri, ndipo mayina ena amadziwika ndi mudzi umodzi wokha. Mtsinje woyamba ndi phiri lija ndinazilemba papepala, lili m'Baibulo la bambo. Mwina tsiku lina ndidzakwera basi n'kukaima pamenepo, ndizikafunsa odutsa.

Mwana ali ndi zaka zitatu tsopano. Ndimamuimbira mpaka paphiri, kenako ndimang'ung'udza, ndipo iye amaganiza kuti nyimboyo ndi mmene ilili. Chichewa amamva, koma amayankha m'Sindebele, ngati ana onse a mumzere wathu. Sabata yatha anandipeza pabalaza ndikumvetsera kachidutswa kaja, anakwera pamiyendo n'kulanda hedifoni imodzi. Anawazindikira agogo ake. Anati, "Khulu!", ndiko kuti agogo, n'kuyamba kugwedeza mutu. Chitseko chitati gu anadikira pang'ono, n'kundiyang'ana, n'kundimenya pamkono ndi kadzanja kake.

"Mama, vula," anatero. Tsegulani.

Ndinabwezera poyambira. Ndi chokhacho chimene ndikanatha. Tinamvetseranso mpaka pachitseko, iye n'kunenanso zomwezo, ine n'kubwezeranso, mpaka bambo ake analowa kuchokera kuntchito n'kutipeza choncho. Anamunyamula n'kupita naye panja kukaona makombi.