Zidebe Zolembedwa Madeti

Mabuku onena za kutha kwa dziko ndinayamba kuwawerenga m'sitima, popita kuntchito kuchokera ku Springfield, kuno kutsidya kwa nyanja. Onse ankanena nkhani imodzi: magetsi azima osayakanso, masitolo aphwasulidwa, anthu akulandana zakudya ndi mfuti. Wopulumuka ankakhala amene anasunga chakudya n'kutseka pakamwa. Ine, munthu woti ndinaiona njala ndi maso ku Ntcheu, ndinalola kuti andiphunzitse za njala anthu oti sanagonepo ndi njala.

Mnzanga wakuntchito ataona buku limene ndinali nalo anandiitanira ku gulu lawo lokonzekera tsiku loipa. Tinkakumana Loweruka m'galaja mwa bambo wina wopuma usilikali. Anali anthu aulemu ndithu, ambiri owerenga mabuku omwewo. Anandiphunzitsa kuthira ufa, mpunga ndi nyemba m'matumba osalowa mpweya, kuika matumbawo m'zidebe, kenako kulemba pachivindikiro mwezi ndi chaka. Lamulo lalikulu linali lakuti usauze munthu, ngakhale m'bale wako, chifukwa zikadzavuta woyamba kugogoda adzakhala amene akudziwa. Ndinameza zonsezo osatafuna, ndipo ndinadzaza chipinda changa chapansi.

Mliri wa korona utafika, m'masitolo mashelefu atayera, ndinkayenda modzimva ngati ndalosera ndine.

Ku Wheaton kuli amayi ena akutchalitchi kwathu, ogwira ntchito yosamalira okalamba. Ndi amene anandilandira nditangobwera kudzaphunzira. Ndinagona pasofa pawo miyezi ingapo, ndipo amuna awo ndiwo anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto m'misewu ya kuno. Tsiku lina masana amayiwo anandiimbira foni. Anati abambo adwala, onse awiri sakuloledwa kutuluka, ndipo wodwalayo akukana chilichonse, akungofuna phala la mgaiwa. Sitolo imene ankagulako ufa inali yotseka. Anafunsa mwamanyazi ngati ndinali ndi kaufa pang'ono, ndingokawasiyira pakhomo.

Ndinali nditaima pamasitepe a chipinda chapansi, zidebe ndikuziona.

"Pepani amayi, nanenso wandithera."

Mumtima ndinkati ndikangopereka kamodzi, mawa mpingo wonse udziwa. Mawu amenewo sanali anga, anali a m'galaja muja, koma pakamwa panali panga.

Abambowo anamwalira kuchipatala pasanathe sabata zitatu. Ufa wanga sukanawachiritsa, ndikudziwa, ndipo ndadziuza zimenezi kambirimbiri. Koma anapita akulakalaka phala, ine ndili ndi ufa woti n'kudyetsa anthu onse apamaliro. Zimandiwawa mpaka lero.

Kugulu kuja ndinasiya kupitako, koma zidebe sindinazikhudze. Kuudya ufawo ndinkachita manyazi, kuutaya ndinkachita mantha. Amayiwo ndinkawapatsa moni kutchalitchi mothamanga, ngati ndasiya mphika pamoto.

Chaka chotsatira anandichita opaleshoni ya bondo. Amayi aja, osaitanidwa, anakwera sitima ndi basi kuchokera ku Wheaton kudzandisamalira. Atangovula jekete anati wodwala amayamba ndi phala, n'kuyamba kufufuza m'makabati akukhitchini. Ndili chigonere pabalaza ndinamva chitseko cha chipinda chapansi chikutseguka, kenako mapazi awo akutsika pang'onopang'ono. Anakhalitsa kumeneko. Pachidebe chilichonse panali deti la mliri usanafike, lolembedwa ndi dzanja langa, zilembo zikuluzikulu monga anatiphunzitsira, ndipo mwezi umene amuna awo anadwala amayiwo sangauiwale.

Patapita nthawi anabwera ndi mbale ya phala. Nkhope yawo inali ya masiku onse. Anandidzutsa bwinobwino, kundiikira pilo kumsana, n'kundipatsa supuni m'manja.

"Idyani lisanazizire, mwananga. Ufa wake udakali bwino ndithu. Mumadziwa kusunga."

Ndinadya lonse, chifukwa anakhala pampando kudikira mbale.