Nyumba ya Esitele Papepala la Ireen

Ireen ndi mwana wa mlongo wanga Esitele. Amagwira ntchito pa Boma la Mchinji, m'kashopu ka fotokope pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Lilongwe. Anthu ofuna kumanga amapita kwa iye, ndipo amawamangira nyumbayo mu kompyuta njerwa isanaumbidwe ndi imodzi yomwe. Ndinadzionera ndekha. Amaitembenuza ndi chala, n'kuiona kumaso, kuseri, ngakhale pamwamba ngati ndiwe khwangwala. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndipo zinthu zooneka ngati zilipo pomwe palibe sindizikonda. Ndinamuuza. Anangoseka n'kundikokera mpando.

Anali mwana wosalankhulalankhula. Ku Chiosya, komwe amayi ake anakwatiwa, ankajambula ndi makala pakhoma la nyumba, bambo ake n'kumakalipa koma osafufuta. Kompyuta anaiphunzira kwa mwini shopu pamene ntchito yake inali yosesa chabe.

Bambo akewo atamwalira, tinagwirizana kuti Esitele abwerere kwathu kwa Dambe. Akuchimuna sanamuthamangitse, ndisanamizire anthu. Koma maso ake anali akupita, madokotala ananena kuti si ng'ala yoti angachotse, ndipo kumeneko kunalibe womuyang'anira. Anali atapsa kale mkono atagwera pamafuwa. Ireen anayamba kumanga nyumba pafupi ndi yanga, koma Esitele anakanitsitsa. Anati nyumba ya ku Chiosya mapazi ake amaidziwa, pomwe m'nyumba yatsopano adzakhala mlendo wogwidwa dzanja mpaka tsiku lolowa m'manda.

Ireen anamupititsira chithunzi cha nyumbayo, chamitundu, makoma achikasu ndi maluwa pabwalo. Esitele anachibweretsa pamphuno nati akungoona phala. Tsiku lomwelo amayi a Mvano anadutsa mumsewu atavala zoyera kumtunda, zakuda kumunsi, ndipo Esitele anawaloza ali patali. Ireen anaona zimenezo.

Ntchito imene anagwira pambuyo pake ndinaionerera nditapita pa Boma kukagula mbewu. Anachotsa mitundu yonse pachithunzi chija. Anachotsanso zotuwa, kuti kadontho kalikonse kakhale kakuda bii kapena koyera mbee. Mu kompyutamo muli dzuwa lake, ndipo ankalikoka uku ndi uku mpaka khoma limodzi liyere, linzake lide, ngodya n'kuonekera. Mpando wakuda ukaima patsogolo pa chitseko chakuda ziwirizo zinkasanduka chinthu chimodzi, ndiye ankazungulitsa mpandowo ndi mzere woyera. Malata, njerwa ndi maluwa anazifufuta. Anasiya zitseko, mawindo, masitepe ndi pogona. Chipinda chilichonse anachijambula monga angachionere munthu wamfupi ngati amayi ake ataima pakhomo.

Ndinamuuza kuti chithunzicho ndi chabodza, chifukwa palibe nyumba yokhala ndi mthunzi wakuda chotero.

"Amalume, muyeso wonse ndi woona. Ndangochotsa zimene amayi sangaone," anatero.

"Wachotsa, komanso wawonjezera. Mizere imeneyo pakhoma palibe."

Anati ndine nkhalamba yovuta, ndipo tchalitchi chinalakwa posandiika kukhala woweruza. Kenako anasindikiza mapepala akuluakulu n'kuwamata pamakatoni.

Esitele anawaonera ku Chiosya. Ndinalipo. Anakhala pakhonde, nayendetsa chala papepalapo kuchokera pasitepe kulowa pabalaza, n'kufunsa ngati chakuda chakumanzere chinali chitseko cha kuchipinda. Ireen atavomera, Esitele anakalipa kuti bedi laikidwa pansi pa windo, ndani amagona choncho mwezi wa Juni. Ireen anatembenukira kumbali, n'kumapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa chitenje. Masabata otsatira Esitele ankayenda m'nyumba ya papepalayo m'mawa uliwonse dzuwa likawala bwino, mpaka anavomera kubwera kudzaiona yeniyeni.

Tinamutenga pa kabaza. Nyumba inali itatha, yopakidwa simenti mkati ndi kunja, chitseko chamatabwa osapenta, bedi lili kale kuchipinda. Anaima pabwalo nthawi yaitali. Kenako anaponya phazi, n'kugunda sitepe, ndipo ndikanapanda kumugwira akanagwa chafufumimba.

"Si iyi. Achimwene, ndibwezereni kwathu," anatero motsitsa mawu.

Ndinali nditanena zoona pa Boma paja za chithunzicho, koma sindinakondwere nazo. Ireen anakhala pamulu wa mchenga wotsala, makatoni ali pamwendo, nkhope itagwa. Mwana ameneyu sadziwa kudziteteza ndi pakamwa. Anangoti walakwa ndi iyeyo, waonetsa amayi ake chinthu chimene kulibe.

Ndinamuuza kuti pepala ndi nyumba zikasemphana, chimodzi chiyenera kukonzedwa, ndipo pepala amayi ake aliloweza kale. Ndinapempha Esitele kuti agone kwanga masiku ochepa. Anavomera monyinyirika.

Tinagula laimu ndi penti yakuda. Ireen ankagwira katoni, ine bulashi. Makoma tinawayeretsa. Mafelemu a zitseko ndi mawindo tinawadetsa, m'mphepete mwa sitepe iliyonse tinadutsitsa mzere woyera, ndipo khoma limene pachithunzi linali mumthunzi tinalipaka lakuda kuchokera pansi mpaka m'chiuno. Ndikapotoza mzere, Ireen ankati, "Amalume, pamenepo mwanama," ine n'kufufuta. Anthu odutsa ankafunsa ngati tikutsegula golosale.

Penti itauma tinamubweretsanso chakum'mawa. Ndinafuna kumugwira dzanja koma analikutumula. Anakwera masitepe yekha, pang'onopang'ono, n'kulowa. Ife tinatsala panja. Tinamva mapazi ake akukwekwesa pasimenti, kenako chitseko cha kuchipinda chikutseguka.

"Ireen, ndinanena kuti bedi ili lichoke pa windo," anaitana ali mkatimo.

Katundu wake tinakatenga ku Chiosya pa ngolo sabata yomweyo. Maso ake akupitabe, ndipo sindinganene kuti mizere ija adzaiona mpaka liti. Koma mapazi ake ayamba kuidziwa nyumbayo. Ireen amabwera kumapeto kwa mwezi ndi kachitini ka penti, n'kudutsitsanso pamene pafufutika.