Mnzanga Ali ku Golomoti

Kwathu kuno, pakati pa Mua ndi Mtakataka, chiphaso cha unzika sichikhala ndi mwini wake nthawi zonse. Ikamveka nkhani yoti kukulembedwa maina a olandira mbewu kapena ufa, amayi a m'mudzi amasonkhanitsa ziphaso zawo m'kajumbo ka shuga n'kupatsa munthu mmodzi kuti akalembetse onse. Enawo amatsala kumunda. Wonyamula kajumboko nthawi zonse anali mayi ake a mnzanga wapamtima, chifukwa amadziwa kuwerenga ndipo sachita manyazi m'maofesi.

Ine ndi mnzangayo tinkapita kusekondale pa njinga imodzi, ya bambo anga. Popita ndinkapalasa ine, pobwerera iye. Pachitunda tinkatsika n'kumakankha, iye akundiseka kuti miyendo yanga ndi mapesi. Masamu ankandilongosolera m'njira, akujambula ndi chala pamsana panga. Mpaka lero ndikamva za makona atatu, ndimamva chala chija.

Tili Fomu 3, Loweruka lina tikupeta mpunga, pakhomo panaima njinga yamoto. Anatsika amuna awiri a ku bungwe lina lobwereketsa ndalama. Anatchula dzina la amayi anga lonse, nati ngongole imene anatenga ya bizinesi ya nsomba yadutsa nthawi yobweza.

"Ine bizinesi ya nsomba?" amayi anaseka. "Abambo, usipa ndimachita kugula wapambale. Mwasochera khomo."

Wamkulu mwa awiriwo anatulutsa foni. Anati aliyense wotenga ngongole amamujambula atagwira chiphaso pachifuwa. Ndinasuzumira paphewa pa amayi. Chiphasocho chinali chawo ndithu. Wochigwirayo anali atamanga duku mpaka m'nsidze, atavala chitenje cha kwaya chimene amayi ambiri m'mudzi muno ali nacho. Koma nkhopeyo ndinaidziwa. Ndakhala ndikudya pakhomo pawo kuyambira ndili kupulayimale.

"Tavomera, awa si inu," anatero bamboyo. "Nanga ndani?"

Amayi anayang'anitsitsa. "Maso angawa saona bwino zapafoni."

"Nanga iwe mtsikana?"

Amayi anandifinya padzanja. Ndinati sindikuwadziwa. Amunawo anati ngongoleyo ikhalabe pa dzina la amayi mpaka wojambulidwayo apezeke, ndipo anapita.

Ndinawafunsa amayi chifukwa chake sananene.

"Ajawa ndi amene anakunyamula pa ubatizo," anatero. "Ndikawatchula akamangidwa, ana aja adya chiyani? Ndikalankhula nawo ndekha."

Anapitadi madzulo ake. Patapita masiku zinadziwika kuti ziphaso zina za m'kajumbo kaja zinachitidwanso chimodzimodzi. Njinga yamoto ija inaima pamakomo ena, ndipo kwinako munthu anatchula dzina. Mayi aja anawatenga apolisi. Dzina la amayi linayera, ngakhale anayenda maulendo angapo kuofesiko. Ana a pakhomo paja anawagawana achibale, ndipo mnzanga anapita kwa azakhali ake ku Golomoti. Sanatsanzike.

Teremu yonse ndinayenda ndekha. M'kalasi malo ake anakhalapo mtsikana wina, wabwino ndithu, koma ndikanena chinthu choseketsa ndimayenera kuchilongosola. Mango atapsa ndinkatola awiri mosazindikira. Aphunzitsi akandibwezera pepala la masamu, ndinkatembenuka kuti ndimuonetse.

Pa tchuthi chino amayi anandituma ku Golomoti kukagula mbale. Ndinamupeza m'mbali mwa msewu, pamene amaima maminibasi, ali ndi beseni la tomato. Wada, ndipo tsitsi anameta.

"Amwali, mwanenepatu," anayamba ndiye. "Kapena chifukwa simukupalasanso ndi katundu kumbuyo?"

"Katundu wake uti? Iwe sulemera n'komwe."

Tinaseka. Anayamba kusanja tomato amene anali wosanjidwa kale.

"Anatchula amayi anga ndi amayi ako?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ayi."

"Kuno anthu akutero."

"Akunama. Ndinalipo ine. Anawaona pafoni paja, koma anakana kuti sakuwadziwa."

Kenaka anati, "Bola akanatchula. Nanga pano ndikakumana nawo ndiyang'ana kuti?"

Ndinamuuza zimene amayi anandituma kwenikweni, pakuti mbale zija zimapezekanso ku Mtakataka. Anati mnzangayo abwere adzakhale kwathu, amalize sukulu. Mphasa ilipo, ndipo chakudya tidzagawana chomwecho. Ndinawonjezera zanga, kuti zonse zimene taphunzira iye kulibe ndidzamubwerezera, ngakhale masamu anga ndi omwe aja.

"Ndifunse kaye azakhali," anatero.

Nthawi yomweyo panaima minibasi yochokera ku Salima. Ananyamula beseni n'kuthamangira kumawindo pamodzi ndi anzake ogulitsa. Ndinadikira kuti abwerere, koma itachoka imeneyo panaima ina. Dzuwa litapendeka ndinamukwezera dzanja, nayenso anakweza lake.

Sukulu ikutsegulidwa mwezi wamawa. Yankho silinabwere. Amayi akuti ndisamukakamize, manyazi amatenga nthawi kuti athe. Komabe dzulo ndasuntha bokosi langa la zovala kuchipinda, ndipo ndaona kuti mphasa ziwiri zitha kukwana.