Mpando wanu wa ku Denmark, Amalume

Lero kwacha ndi mvula yowaza, ndipo galimoto yotola zinyalala yadzutsa msewu wathu wonse kuno ku Leicester. Amalume, chakwana chaka chimwalirireni inu. Ndikukumbukira Loweruka lija munagula mpando wa ku Denmark pamsika wa zinthu zakale ku Loughborough. Munaugadabuza pomwepo n'kundiuza kuti nditsinzine, ndiusisite kunsi. "Wamva kusalalako, mphwanga? Mmisiri amene anayambitsa mipando yotereyi ankasalaza ngakhale posaoneka. Kwawoko chinthu sichidzionetsera, chimatumikira thupi la munthu." Ndinanong'ona kuti anthu akutiyang'ana. Munaseka n'kunena kuti, "Asiye, amenewo amakhalira mapulasitiki."

Pamaliro anu azimayi a kutchalitchi anatulutsa mipando panja monga amachitira kumudzi, ndipo wanuwo unagona pamvula masiku atatu mpaka kung'aluka. Amayi ankafuna kuutaya, ankati ukuwakumbutsa mlongo wawo. Ndinaubisa m'chipinda cha ukalipentala kusukulu, ndipo ndakhala ndikuukonza pang'onopang'ono. Masana ano ndabwera nawo pabasi. Amayi afika madzulo kuchokera kuntchito kuchipatala, auyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako akhalapo asanavule n'komwe nsapato.