Dola Yopendekeka ya Bambo a Tadala

Amuna anga, bambo a Tadala, ali ndi matenda amodzi. Amakatenga kubanki mipukutu ya ndalama zachitsulo zatsopano, n'kumaziunika imodziimodzi ndi galasi, kufunafuna imene inalakwika poidinda. Patatha zaka zitatu anaipeza: dola yomwe mutu wa mfumu unapendekeka. Anavina m'khitchini ngati mwana, n'kuiika pasosa, kambale ka kapu ya tiyi, ati kabokosi kake agula mawa.

M'mawa mwake ndikuthamangira kokagula zinthu ku Cannington, ndinalibe dola yomasulira trole, kangolo koikamo zogula m'sitolo. Ndinabwereka ya pasosa ija, poti trole imakubwezera ndalama yako ukamaliza.

Nditangolongedza katundu m'galimoto, agogo ena achizungu anandigwira mkono, dola yawo ili m'manja, kuti tisinthane iwo atenge troleyo. Ine mwana woleredwa bwino, munthu wamkulu ndimukanize? Ndinalandira ndi manja awiri, mpaka kunjuta. Ndinadzakumbukira ndafika kale pakhomo.

Dola ya agogoyo ndinaiika pasosa mwakachetechete.

Madzulo bambo anaiunika nthawi yaitali. "Mayi a Tadala," anatero motsitsa mawu, "mutuwu ndi woongoka bwinobwino. Maso angawa ayamba kundinamiza."

Ine osaphethira n'komwe: "Ukalamba umenewo, bambo."

Kokayezetsa maso ndinawaperekeza ndine, magalasi ndinawasankhira ndine ndemwe. Mpaka lero akawavala amandifunsa ngati akuwakhala. Ndimati akuwakhala kwambiri, ndipo pa nkhani yonseyi zoona zokhazo zimene ndinawauzapo ndi zimenezo.