Mwanayu Ndi Wodwala

Ndinaphunzitsa masewera zaka zambiri pasekondale ina kufupi ndi Sinda, kenako ndinakwezedwa kukhala woyang'anira mipikisano ya masukulu m'dera lonse. Pamene ndinkayamba ntchito, aphunzitsi anzanga aamuna ankati phunziro langa ndi la kudumphadumpha basi, lopatsa munthu amene masamu anamukanika. Ndinkawabwezera pomwepo, ngakhale pamaso pa ahedi, koma mumtima zinkandiwawa. Ndinkafuna chikho chimodzi chokha choti ndiwatseke nacho pakamwa.

Chaka china ndinali ndi mtsikana wa giredi teni wochokera kumidzi ya ku Vubwi, wogonera pasukulu pomwepo. Anali wamtali, wosayankhulayankhula, ndipo ankathamanga wopanda nsapato. Pa liwiro lozungulira bwalo kanayi panalibe womuyandikira. Ngakhale anyamata ankakana kupikisana naye, kuopa kusekedwa.

Kutatsala masiku atatu kuti tipite kumpikisano ku Katete, kunabwera mayi ake. Anandipeza kubwalo ndikulemba mizere ndi phulusa. Anagwada chapatali, ine kuwauza kuti adzuke, iwo osadzuka.

"Amadamu, ndamva kuti mukupita naye ku Katete. Chonde musapite naye. Mwanayu ndi wodwala."

"Akudwala chiyani, mayi? Dzulo lomweli wathamanga bwinobwino."

Anayang'ana pansi. Chapafupi panali aphunzitsi awiri aamuna akuimika mitengo ya zigoli. "Ndi wodwala, amadamu," anabwereza motsitsa mawu.

Ine ndinabadwira ku Mkaika. Ndinakula ndikumva azimayi akunena kuti uje ndi wodwala, kutanthauza kuti ali ndi pakati, chifukwa mawu enawo satchulidwa pagulu, makamaka pakakhala amuna. Ndinamva bwinobwino chimene mayiwo ankanena. Ndinali nditaonanso kale kuti mwanayo wayamba kuvala jezi yaikulu, ndipo phala la m'mawa ankalisiya. Koma ndinaseka nkunena kuti, "Aa, mayi, musadandaule. Kamutu kokha ako! Ndimupatsa mapiritsi, pofika Loweruka adzakhala ali gwa." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anadzuka nkumapita kukadikira basi.

Tsiku lomwelo ndinamuitana mtsikanayo. "Iwe, mayi ako akuti ukudwala. Uthamanga kapena suthamanga?" Ndinafunsa mokalipa, dala, kuti asapeze poyambira.

"Ndithamanga, amadamu."

Nanga akanati chiyani? Kunena zoona kunali kulongedza katundu nkubwerera kumudzi ndi manyazi.

Ku Katete kunali dzuwa loswa mtengo, fumbi lili koboo. Mtsikanayo anatsogola maulendo atatu oyamba. Pa ulendo wachinayi anayamba kupendekeka, dzanja limodzi lili pamimba. Ine ndinali m'mphepete mwa bwalo, kukuwa mpaka mawu kusasa: "Thamanga iwe! Usandichititse manyazi!" Anafika woyamba ndithu, nkugwa chafufumimba atangodutsa mzere.

Titamukweza jezi tinapeza atadzimanga chitenje pamimba, cholimba moti tinachita kudula ndi lumo. Magazi anali atatsikira kale m'miyendo. Lole imene tinabwera nayo inali itapita kukatenga ana a sukulu ina, ndipo pamene galimoto inkapezeka nkuti mwanayo atasiya kuyankha. Anamwalira m'chipatala mawa lake.

Patapita masabata awiri, akuluakulu a maphunziro anatiitana mu ofesi ya ahedi kuti amve mmene zinayendera. Munali amuna anayi, ine, ndi mayi aja, amene anakana mpando nkukhala pansi pafupi ndi chitseko. Wofunsa mafunso anali bwana wina wokulira ku Lusaka, wongodziwa Chinyanja cha m'tauni.

"Mayi, kodi munawauza amadamu kuti mwana wanu ali ndi mimba?"

"Ndinawauza kuti ndi wodwala, bambo."

"Wodwala chabe? Mawu oti mimba munawatchula?"

Mayiwo anapotokola nsonga ya chitenje. "Sindinatchule, bambo."

Bwanayo analemba m'Chingerezi kuti kholo linabisa nkhaniyo. Ahedi anali Mchewa ngati ine, ankadziwa tanthauzo la mawu aja, koma anangoyang'ana pawindo. Bwana wina anayamba kuwakalipira mayiwo: "Mwaona kubisa kwanuku? Mukananena zoona, bwenzi mwana ali moyo. Inu anthu a kumudzi, mpaka liti?"

Mayiwo anatembenuka nkundiyang'ana ine. M'maso mwawo munalibe ukali. Ankangodikira, poganiza kuti mkazi mnzawo ndiwafotokozera mabwanawo chimene iwo sakanatha kutchula pamaso pa amuna.

"Amadamu, muli ndi choonjezera?" anafunsa bwana wa ku Lusaka uja, cholembera chili m'manja.

Ndinaganiza za ntchito yanga, za ana anga awiri, za dzina langa likuwerengedwa m'misonkhano ya aphunzitsi.

"Palibe, bwana," ndinatero.

Anandipatsa pepalalo ndipo ndinasaina. Mayiwo anaomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo, mabwana," nkutuluka chowerama. Sindinawaonenso. Mwana uja ndinamupha ndine, ndipo papepala limene ndinasainalo mpaka lero palembedwa kuti olakwa anali mayi ake.