Thumba Lomwe Ndinati Linagwedezeka

Loweruka, 25 Novembala 2017

Lero ndadzuka mtima uli m'mwamba, m'makutu mukadali mchenga wa dzulo. Ndayesa kuwerenga Bayoloje ya mayeso a mawa, koma tsamba lililonse likundionetsa maso a njoka. Choncho awerengi, sabata ino mundilole ndisalembe za kusukulu. Ndilemba za thumba.

Masabata atatu apitawo, tikuchokera kutchalitchi Lachisanu, lomwe kuno ndi tsiku lopuma, Ankolo Yohane anatinyamula pa galimoto ya kuntchito kwawo. Kwa amene simukuwadziwa, iwowa ndi dalaivala wa mzungu wina wachikulire amene amaphunzitsa za nyama pa koleji ina kuno ku Doha. Ndi chibwenzinso cha Anti Ethel, ang'ono awo a amayi anga, ndipo chinkhoswe chawo chinakonzedwa kuti chichitike ku Dedza mwezi wamawa.

Ine ndinakhala kumbuyo. Pansi pa mpando panali ndodo yachitsulo yokhota kunsonga, ndi kathumba kansalu komanga pakamwa. Ndinamasula pang'ono n'kusuzumira. Munali zikopa zitatu za njoka, zija imasiya ikafundula.

Titangofika kunyumba ku Al Sadd ndinauza amayi.

"Zikopa zokha?" anandifunsa.

"Kaya, amayi. Thumbalo linkagwedezeka."

Mawu amenewo muwasunge, tibwererako.

Amayi anga ndi namwino pa kiliniki, magazi sawaopa, koma tsiku limenelo anakhala pansi n'kugwira patsaya. Anauza mnzawo mmodzi yekha, ati awathandize kupemphera. Zotsatira zake mukuzidziwa kale, chifukwa ena mwa inu zinakupezani pa foni. Ku Al Muntazah, komwe Ankolo amagona chipinda chimodzi ndi alonda asanu, anzawo anakankhira mabedi awo kukhoma lina. Aliyense anayamba kukumbukira kanthu. "N'chifukwa chake sadwala chimfine." "N'chifukwa chake bwana wake samusintha." "Munthu wanji wopita kuchipululu pa tsiku la ofu?" Pomaliza nkhani inali yoti Yohane anakhwima, akuweta njoka yomubweretsera mwayi.

Ndipo amayi anauza Anti Ethel poyera kuti Lamulungu likubwerali, lomwe ndi mawa, akaweruka adzaimbira ankhoswe kumudzi kuti aimitse zonse. "Mng'ono wanga sangakagone m'nyumba yoweta njoka," anatero. Anti analira mpaka anapita ku hotela komwe amagwira ntchito maso ali psuu.

Lachitatu Ankolo anabwera, n'kuima pakhomo osalowa.

"Mayi a Tadala, musandiweruze musanaone. Lachisanu tiyeni kumchenga, mukaione ntchitoyi ndi maso anu."

"Ndili pa shifiti. Komanso ine ndi njoka, halasi, monga amanenera Aarabu, tinathana kalekale."

Atachoka, amayi ananditembenukira. "Upite iweyo ndi anti ako. Usadye chilichonse chimene angakupatse, ndipo maso ako akhale pa manja awo."

Ndi momwe ndinapezekera m'galimoto ija dzulo m'mamawa, ndili kazitape. Nyumba zazitali zinatha, kenako nyumba zonse zinatha, kunatsala mchenga, miyala ndi tizitsamba taminga. Bwana wa Ankolo, mzungu uja, atavala chipewa chachikulu, ankangolankhula. Anati kwawo ku Amereka kuli njoka zokhala ndi kanthu kumchira kolira ngati maseche. Masamba akayamba kuyoyoka, kuzizira kukuyandikira, njokazo zimabwerera zambirimbiri kuphanga limodzi pakati pa miyala, phanga lomwelo chaka ndi chaka, ndipo iwo unyamata wawo wonse anathera kusaka mapanga amenewo. Kuno zimenezo kulibe, anatero, koma kuli njoka zokhala ndi tinyanga pamutu. Mwezi uno ndiye wabwino, chifukwa dzuwa lasiya kuwotcha munthu, ndipo usiku kukazizira njoka zimakonda kuwothera dzuwa m'mawa pafupi ndi mauna awo.

Ndinkamvetsera, koma mumtima ndinkati: munthu angawoloke nyanja kudzangofuna njoka? Palibe china chimene akubisa awiriwa?

Titatsika, bwana uja anayamba kuyenda uku ndi uku ndi kamera ndi kope, osaona kanthu. Ankolo ankayenda pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Kenako ananjuta pafupi ndi kachitsamba.

"Iwe wapolisi wa amayi ako, tabwera kuno."

Ndinachita manyazi, koma ndinapita. Panali mauna awiri oyandikana.

"Una uwu ndi uwo, ungapise dzanja mu uti?"

"Ngakhale umodzi, Ankolo."

"Wayankha bwino, koma kwathu ukanagona wopanda ndiwo. Taona. Uwu pakhomo pali dothi latsopano, timapazi tolowa ndi totuluka, ndi mankhusu a njere. Mwini wake alimo. Tsono uwo, pakhomo pasalala ngati pozira. Timapazi palibe. Ndipo mizera yopendekera iyi pamchengapa waiona? Mwini una anadyedwa, mwalowa wa lendi."

"Munaphunzira kuti zimenezi?" Mawu anga anatuluka akuthwa kuposa mmene ndinafunira.

Anandiyang'ana n'kuseka. "Kukumba mbewa, mwana iwe. Dzinja likatha, m'minda atakolola, ukalakwitsa una umabwerako ndi dzanja lotupa ngati dzungu. Ukafunse amayi ako kuti mbewa zimene ankadya ali mwana ankakumba ndani, ndipo ankadziwa bwanji popisa dzanja."

Ndisanayankhe, anatambasula mkono patsogolo panga. "Ima pomwepo. Usasunthe."

Analoza ndi ndodo yokhota ija. Ine ndinkangoona mchenga. Kenako mchengawo unakhala ndi maso awiri, ndi tinyanga tiwiri pamwamba pa masowo. Njokayo inali itadzikwirira yonse, masitepe anayi kuchokera pa nsapato zanga. Itaona kuti taiona inadzivundukula, n'kudzipinda, mamba ake akukhudzana n'kumalira ngati madzi ogwera m'mafuta otentha.

"Mayo ine!" Anti Ethel anathamangira kugalimoto, silipasi imodzi n'kutsala pamchenga.

Bwana uja anagwada chapatali, akunong'ona mosangalala, kamera ili ketyeketye. Ndipo Ankolo anati kwa njokayo chapansipansi, "Pepani mayi, tingokujambulani, tizipita."

Sanaigwire. Sanaiike m'thumba. Patapita kanthawi inachoka yokha, ikuyenda cham'mbali, n'kusiya mizera yopendekera ija. Pa kachitsamba kena Ankolo anatola chikopa chofundula chomwe chinakodwa paminga, anachiika m'kathumba kaja, ndipo bwana analemba tsiku ndi malo m'kope mwake. Ati zikopazo zimawauza kuti njoka zimakhala kuti ndipo ndi zazikulu bwanji.

Ndinene zoona, pamene Ankolo anaipepesa njoka ija, chikaiko changa chinabwereranso. Munthu amalankhula ndi njoka? Pobwerera ndinayang'ananso pansi pa mpando kawiri. Mabisiketi amene anandipatsa sindinadye. Koma tikulowa m'tauni ndinakumbukira kuti amayi anga amakalipira ketulo ikachedwa kuwira, ndipo palibe amene anawatchulapo mfiti.

Tsono ndikufunseni, akuluakulu anga a kuno ku Doha. M'galimoto muja munali anthu awiri ofuna njoka. Mmodzi ali ndi kamera, wina ali ndi maso. Wa kamerayo timati akuchita kafukufuku. Wa masoyo, amene amapezadi njokazo, timati anakhwima. Chifukwa chiyani?

Nzeru zimene Ankolo anandionetsa si zachilendo. Alonda asanu aja amene anakankha mabedi, ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo anakumbapo mbewa. Akanakhala pamchenga paja akanauzindikira una uja. Koma chinthu chikachokera kwathu n'kupatsa mnzathu ulemu kuno kunja, timaiwala kuti tikuchidziwa. Timayamba kufunsana kuti wapita kwa sing'anga uti.

Pa eyapoti amatiyeza masutikesi, zina timasiya. Chikaiko chokha ndicho sayeza, ndipo timabwera nacho chonse.

Sindikunena kuti tizikhulupirira aliyense. Ndine mwana, koma ndamva za anthu amene analonjezedwa ntchito ya muofesi n'kudzapezeka akulondera geti padzuwa. Iwowa akanakaika msanga zikanawathandiza. Kukaika si tchimo. Koma pali kukaika kodzuka m'mawa kukaona, ndiye pali kukaika kongokhala pabedi n'kumatumiza mauthenga. Mwa anthu onse amene ananena za njoka ya Ankolo Yohane, anapita kumchenga ndi angati? Anawafunsapo iwo eni ndi angati?

Ine sindingadzitame kuti ndinapita, chifukwa anachita kundituma.

Titafika kunyumba ndinawaonetsa amayi vidiyo yomwe ndinajambula. Anaionera kawiri, atayandikitsa foni kumaso. Nditawauza za mauna aja anamwetulira pang'ono, n'kunena kuti achimwene awo ankatero ndithu. Anti Ethel anayamba kupuma bwino. Kenako amayi anaika foni pathebulo.

"Vidiyo ndaiona. Yam'chipululuyo ndilibe nayo nkhani, ndi ya Mulungu. Koma ija yam'thumba, yamoyo ija unaiona iwe ikugwedezeka, amakaisunga kuti?"

Anti anandiyang'ana. Amayi anandiyang'ana. Ine ndinati ndatopa, n'kulowa kuchipinda.

Ndinakuuzani kuti musunge mawu aja. Awerengi, thumba lija silinagwedezeke. Munali zikopa zouma zitatu basi. Ndinawonjezera chifukwa nkhani ya zikopa zokha inkaoneka yaing'ono, ndipo amayi, amene amabwera kuchokera kuntchito atatopa moti samva zomwe ndikunena, tsiku limenelo ankandimvetsera ndi maso onse. Ndinkaganiza kuti tiseka n'kuiwala. Mawu awiri okha, ndiye lero munthu akugona yekha kukhoma ndipo chinkhoswe chatsala pang'ono kuimitsidwa.

Masabata atatu ndakhala ndikuyang'ana manja a Ankolo Yohane, pamene njoka yokhayo yamoyo m'nkhani yonseyi inatuluka pakamwa panga. Ndiye woyenera kumukaikira anali ndani?

Ndikuopa, sindikubisa. Amayi akakwiya safuula, amangokhala chete masiku angapo, ndipo zimenezo zimapweteka kuposa. Sindikudziwanso kuti Anti Ethel adzandilukanso tsitsi liti.

Mawa ndi Lamulungu, tsiku la sukulu kuno, ndipo amayi aimba foni ija madzulo. Ndidzuka iwo asanavale yunifolomu, basi yanga isanafike. Ndikawadzutsanso Anti kuti amve nawo. Ndikaima pakhomo pa khitchini, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Amayi, musaimbire ankhoswe. Thumba lija silinagwedezeke."